Mchere wa Dzanja Lozizira

Kwathu kuno, kufupi ndi pamene Bua amathirira m'nyanja, ndiwo zikabwera zopanda mchere sitifunsa chifukwa, timadziwa kale. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere mumphika. Amaitana mwana, kapena nkhalamba ngati ine, kuti amuthirire. Anatilangiza choncho tili atsikana, ifenso tinalangiza ana athu chomwecho. Amati thupi la mkazi pa masiku amenewo ndi lotentha. Koma palinso kutentha kwina, koipa, kwa mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina. Ameneyo akathira mchere, mwamuna wake n'kudya, amatupa miyendo ndi nkhope, chifuwa n'kumuwawa, n'kumangofooka mpaka kumanda. Matenda amenewo ndiye tsempho. Ine ndinakula ndikulidziwa tsempho monga momwe ndimadziwira malungo.

Mwana wanga wamwamuna, chitsirizira, ankadula nzimbe ku Dwangwa. Nyengo yodula ikafika ankagona komweko ndi anzake, kumudzi n'kumabwera mwa apo ndi apo, ali bii ndi mwaye wa nzimbe zootcha, maso okha kuyera. Mkazi anakamutenga kutsidya kwa Dwambazi, kwa Atonga, n'kubwera naye kuno chitengwa. Nyumba yawo ili kuseri kwa yanga, mwakuti wina akatsokomola timamvana. Mpongozi wangayo amanditchula kuti amama, mwa kwawo. Ndi munthu wosalankhulalankhula, koma wamanja. Chinangwa akanyika iye, kondowole wake sanunkha.

Zinayamba ndi majombo. Tsiku lina mwana wanga atafika anakhala pakhonde kulimbana ndi jombo, osavuka, mpaka mkazi wake anachita kukoka ngati akuzula chinangwa. Tinaseka. Koma m'mawa mwake nkhope inali ngati walumidwa ndi njuchi, zikhatho zili mbuu ngati wagwira ufa. Mutu sunkamuleka. Kuntchito sanabwererenso. Mkazi wake anapita naye kuchipatala chaching'ono cha kufupi kuno, n'kubwerako ndi timapepala ta mapiritsi.

Nditamufunsa mwana wangayo anangoti, "Ndi bipi chabe, amayi. Musadandaule."

Bipi? Ine ndinkadziwa kuti bipi ndi matenda a anthu onenepa, eni magolosale, ongokhala pampando kuwerenga anthu odutsa. Mwana wanga ndi wowonda ngati nsungwi, ndipo thukuta limene anakhetsa m'minda ya nzimbe likanadzaza bwato. Bipi ikamupeza pati?

Madzulo ake mpongozi wanga anandibweretsera mbale ya utaka. Nditalawa, mchere munalibe. Ndinati ndi masiku ake, ngakhale ndinadabwa kuti sanandiitane kuti ndimuthirire monga ankachitira kale. Ndinasuzumira kwawo, ndinaona wayika mchere pachivundikiro cha poto, ana ake akutsina okha n'kumawaza m'mbale zawo. Sabata inatha. Ina inatha. Mwezi unafa, wina n'kukhala, mchere ukadali pachivundikiro. Ha, mwezi wanji wosatha?

Ndinamupeza akutsuka mbale, ndinamufunsa motsitsa mawu. "Mayi, kodi muli bwinobwino m'thupimu? Ndiwo zija..."

"Adokotala analetsa, amama. Akuti mchere ndi umene ukuwapweteka abambo awo a ana."

Ananena mosabisa, akundiyang'ana. Koma mawu amenewo, akuti mchere ukuwapweteka, anandilowa ngati munga wa nsomba pakhosi. Iye ankanena za kuchipatala, ine ndinkamva zimene ndinakula nazo. Mwamuna wotupa miyendo, wogona kutali miyezi yathunthu, mkazi wokana kugwira mchere. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?

Ana sasunga za mumphika. Anakadandaula kwa anzawo kuti kwathu amayi sathira mchere, anzawowo n'kukauza amayi awo, ndipo nkhani inafika pamjigo pamene akazi a mudzi uno amatunga madzi. Nkhani ikafika pamjigo ndiye kuti yafika paliponse. Posakhalitsa inakafika ku Ngala, kwa mlongo wanga wamkulu, amene ndi mwinimbumba wathu. Iwo anali msodzi, tsopano amangosoka maukonde a anyamata. Anatulukira pa njinga yawo yopanda mabuleki, akuimitsa ndi chidendene.

Sanafune ndi madzi akumwa omwe. Anakhala pafupi ndi mphwawo, n'kudina chala chachikulu pamsongolo. Atachotsa chala panatsala dzenje, ngati wadina m'dothi lonyowa.

"Ichi si cha kuchipatala ichi," anatero. "Itanani mkazi wake."

Mpongozi wanga anabwera n'kugwada chapatali.

"Mayi, tamva kuti mphika wanu unasiyana ndi mchere. Mwezi wonse. Tatiuzani, mukuopa chiyani?"

"Sindikuopa kanthu, amalume. Adokotala ndi amene analetsa."

"Analetsa wodwala. Nanga ana akudwala? Nanga apongozi anuwa akudwala? Bwanji dzanja lanu silikufika pamchere ngakhale pa ndiwo za ana?"

"Ndiwo ndi zochepa, amalume. Ndiphike miphika iwiri ya utaka wodzaza dzanja limodzi?"

Ine ndinalowererapo pang'ono, ndinati komatu chiyambire kudya zopanda mchere nkhope yaphwa, kwatsala miyendo yokha. Ndinkayesa ndikumuthandiza. Mlongo wanga anawomba m'manja kamodzi.

"Mwamva, chemwali? Umboni ndi womwewo. Wasiya kuthira, munthu wayamba kuphwa. Ndiye amamutupitsa ndani?"

Zimene ananenazo zinali zoongoka ngati msewu wa tala. Ndinayang'ana mwana wanga kuti mwina anenapo kanthu, poti kuchipatala anali komweko, anamva yekha. Iye anali atatsamira khoma, maso ali otseka. Kaya kunali kutopa kwa matenda, kaya mawu a amalume ake anali atamulowa, sindidziwa mpaka lero. Anangoti, "Chitani zimene mukuona, atsibweni. Ine ndatopa."

Mlongo wanga anagamula kuti mkazi ayambe wapita kwawo, akakhale kumeneko mpaka ankhoswe a mbali zonse adzakumane. Aliyense ankadziwa kuti mkazi wopita motero kawirikawiri sabwerera. Mpongozi wanga sanalire. Anamanga zovala m'chitenje, wamng'ono kumsana, wamkulu kumugwira dzanja. Asananyamuke anandiitanira m'nyumba n'kundionetsa timapepala ta mapiritsi tija, awa m'mawa, awa madzulo, awa akatha kudya. Ine onse ndinkawaona oyera ofanana. Ndinavomera ndi mutu, maso anga ali pansi.

Tsono mphika unakhala wanga. Apa mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ine ndine wozizira. Kumwezi ndinasiya kalekale, mwamuna wanga anagona kumanda mwana ameneyu akuyamba kumene kumera ndevu. Dzanja ngati langa ndi limene mudzi wonse umaitana kuti lithire mchere pamene ena sangathe. Ndinamuphikira mwana wanga monga ndinkachitira ali mnyamata: chambo chong'amba chowaza mchere, chigwada chotendera, usipa wokazinga. Mlongo wanga anabweretsanso mankhwala a tsempho, mizu yopsereza yosakaniza ndi mchere, yoti azinyambita m'mawa ndi madzulo. Mapiritsi aja ndinamupatsa masiku oyamba, kenako ndinasokonezeka kuti a m'mawa ndi ati, iyenso anati akumuchititsa chizungulire ndi kukodza pafupipafupi, ndiye tinawasiya pawindo.

Ankadya bwanji! Ankanyambita zala n'kumati, "Izi ndiye ndiwo, amayi. Zija zinali ngati ndikudya madzi a m'nyanja." Ine kukondwa, ndinkati mwana akuchira.

Sanachire. Nkhope ija inabwerera, kuposa poyamba, maso n'kutsala timing'alu. Kutupa kunakwera kuchoka m'miyendo kufika m'mimba. Kenako anayamba kulephera kugona chagada, ankati akumira, ngati munthu amene bwato lamugudubukira. M'mawa wina ndinamupeza atakhala pampando, wagwira mawondo, akupuma ngati nsomba ya pamchenga. Anyamata a pafupi anamunyamula pa njinga yamoto mpaka kumsewu, tinakwera minibasi ya ku boma.

Kuchipatala chachikulu anamugoneka, n'kumubaya jakisoni wochotsa madzi. Anakodza mwana uja, mabotolo kudzaza, ine n'kumadabwa kuti madzi onsewa amakhala pati. Anamutenga magazi, anamutenga mkodzo. Atapezako bwino anamulowetsa m'kachipinda kena, n'kumupaka zoterera m'nthiti, n'kumayendetsapo kachitsulo. Pa galasi panaoneka zotuwa ngati mitambo ya mvula. Adokotala anali mnyamata wa msinkhu wa adzukulu anga aakulu, woseka msanga. Analoza mitamboyo n'kuti, "Agogo, impso za mwana wanu ndi izi."

Impso ndimazidziwa. Za mbuzi ndawotchapo zambiri, zimakhala ngati nyemba zazikulu, zokutidwa mafuta. Pagalasipo sindinaone nyemba iliyonse. Koma ndinavomera.

Anatikhazika pansi, n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono. Anati impso ndi sefa ya magazi, imachotsa zoipa ndi madzi otsala n'kukhala mkodzo. Apo ndinamva. Kenako anati si sefa chabe, imatumanso amithenga oyenda m'magazi, iwo amati mahomoni.

"Mthenga wina amapita m'mafupa kukanena kuti pangani magazi. Impso zikatopa, mthenga ameneyo sapita. N'chifukwa chake zikhatho za mwana wanu zayera."

"Pepani adokotala, magazi amapangidwa m'mafupa?"

"M'mafuta a m'kati mwa mafupa, agogo. Aja mumayamwa mukamadya nyama."

Ine moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti magazi amachokera ku chidede ndi masamba a mapeyala owiritsa. Tsono fupa, chinthu chouma gwa, lipange magazi? Ndipo lichite kudikira mthenga wochokera kumsana? Ndisanamalize kudabwa icho, anali atayamba china.

Anati pali mthenga wachiwiri, wouza mitsempha kuti ifinyike, magazi athamange mwamphamvu. Impso ikaona kuti magazi sakuifika bwino, imangotuma ameneyo osalekeza, ndiye bipi ija. Magazi othamangawo akabwera amadzamenyanso impso yomweyo, iyo n'kuonjeza kutuma.

"Ndiye ikudzipweteka yokha?"

"Tingatero."

"Yopusa bwanji nanga?"

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati siyopusa, ikuyesa kudzipulumutsa, koma njira yake ndi yolakwika. Kenako ananena chimene chinandizunguza mutu koposa. Anati mthenga wachiwiriyo akachuluka amayambitsa chinthu chonga dzimbiri m'kati mwa tinyama ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timapanga impso, iwo amati maselo. Dzimbirilo likamatidya, tina timafa, tina timakula mopitirira n'kukhuthala, n'kutseka maso a sefa.

"Inu ndi a kunyanja," anatero. "Taganizani ukonde wong'ambika, wosoka wake n'kumangomanga mfundo pamwamba pa mfundo. Ulusi ukuchuluka, koma maso akutsekeka, ukonde wonse n'kukwinyika. Impso zake zachepa msinkhu chifukwa cha zipsera zoterozo."

Ndinayang'ana mwana wanga, iyenso anandiyang'ana. Dzimbiri ndimalidziwa pa malata ndi pa chikwanje chogona pamvula. Munthu wa nyama ndi magazi, wosameza msomali, achite dzimbiri? Ndiponso ine chibadwire kukula ndi chinthu chabwino. Mwana akule, chinangwa chikule, mbuzi ikule. Apa akundiuza kuti zinthu zikukula m'kati, ndipo kukulako ndi kumene kukuchepetsa impso. Chikukula, chikuchepa, nthawi imodzi. Ndinamva ngati ndayima m'bwato pa mwera.

Ndiye adokotala anafunsa, "Kunyumba akumuphikira ndani?"

"Ine."

"Mchere?"

"Ndimathira ndithu. Dzanja langa ndi lozizira, adokotala, ndinasiya kalekale."

Ndikuganiza anamva chimene ndinkatanthauza, poti nayenso ali ndi agogo kwawo. Sanandiseke. Anati mchere umagwira madzi m'thupi, monga umachitira m'thumba nthawi ya dzinja. Impso zabwino zimautaya, koma za mwana wanga sizingathe, ndiye madzi amadzaza miyendo, mimba, mpaka m'mapapo.

"Mchere wa dzanja la ndani?" ndinafunsa.

"La aliyense, agogo. Ngakhale langali."

Atamva za mapiritsi a pawindo ndi za mizu yonyambita, anagwira mutu. Ndinamufunsa kuti mwa zitatuzi chamutupitsa n'chiti, anati zonse. Ndinamufunsa kuti nanga chinayambitsa matenda n'chiyani. Anati sangaloze chimodzi. Mwina bipi inayamba yokha, mwina dzuwa la kumunda munthu osamwa madzi okwanira, mwina mapiritsi a ululu ogula m'maokala amene odula nzimbe amameza kuti thupi lilole ntchito. Mwana wanga anayang'ana pansi, poti zonsezo ankachita. Adokotala anati chinthuchi chakhala chikudya mwakachetechete kwa zaka.

"Zaka? Asanakwatire?"

"Zingatheke. Sindingalumbire."

"Achira?"

"Chipsera sichibwerera kukhala khungu, agogo. Koma tikhoza kuchedwetsa kuti zisapitirire msanga. Pakufunika munthu wosamala mphika ndi mapiritsi, tsiku ndi tsiku, osatopa."

Munthu woteroyo tinali naye. Tinamukweza minibasi tokha.

Mlongo wanga anafika tsiku lotsatira, n'kundipeza kukhitchini kwa odikirira odwala, kumene akazi ambirimbiri amaphikira pa mafuwa oyandikana. Ndinawafotokozera zonse monga ndinazigwirira, amithenga, dzimbiri, ukonde. Anamvetsera akugwedeza mutu ngati akumva zimene ankazidziwa kale.

"Basi, nkhani ndi yomweyo," anatero. "Dokotala yemwe wanena mchere. Ife tinati chiyani? Iwo ali ndi mayina awo, ife tili ndi lathu. Ndipo amithengawo, mwafunsa kuti anawatuma ndani?"

"Akuti impso."

"Impso itume mthenga? Ili ndi pakamwa?"

Nanenso funso limenelo linali likundivuta. Koma china chinandikwera pamtima.

"Achimwene, chichokereni mkazi uja, amene wakhala akuthira mchere ndi ine. Dzanja lake ndi ili. Mwana watupa kuposa kale, mpaka kutsala pang'ono kufa. Ngati mchere umatupitsa chifukwa cha dzanja, tandiuzani pamaso pa anthuwa, ine ndayenda ndi mwamuna wa yani? Mano atsala atatu m'kamwa muno, ndani wandifuna?"

Akazi a pamafuwa anaphulika kuseka. Wina wa mpango wa Chisilamu anafuula kuti, "Aululeni agogo, tikawaone bamboyo!" Mlongo wanga anachita manyazi, koma sanagonje.

"Chinalowa kale ndi dzanja lija. Inu mwangochidzutsa."

Ndipo kunena zoona, sindikanatha kuwatsutsa. Mwina zinalidi choncho, ndikanadziwa bwanji? Adokotala akuti zingatheke, sangalumbire. Achimwene akulumbira, koma mankhwala awo anali ndi mchere womwewo. Zonse zinali zitapiringizana m'mutu mwanga. Chimene ndinatsala nacho ndi chimene ndinaona ndi maso: akuphika mpongozi wanga nkhope inaphwa, ndikuphika ine inatupa. Ndinagwira chomwecho, ngati munthu wogwira thabwa m'madzi.

"Ku wodi ya amuna kukufunika mwamuna womusambitsa," ndinatero. "Mukhale naye inu. Ine ndikupita kutsidya kwa Dwambazi."

"Ankhoswe asanakumane?"

"Akadzakumana adzapeza maliro."

Ndinakwera minibasi, kudutsa Bua, kudutsa Dwangwa ndi fungo lake la nzimbe zophika, mpaka kuwoloka Dwambazi. Mudzi wawo ndinachita kufunsira. Ndinamupeza mpongozi wanga pansi pa mtengo wa mango akusenda chinangwa chovuula, pamodzi ndi amayi ake. Adzukulu anga anandithamangira. Amayi akewo anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kupitiriza kusenda. Mphasa sinatuluke. Ndinakhala pa muzu wa mango.

Ndinafotokoza za kuchipatala, kuti mwamuna wake anatsala pang'ono kutisiya. Mpeni unaima m'dzanja lake.

"Mapiritsi ankamwa?"

"Tinasiya."

"Mchere?"

"Ndinkathira."

"Amama, ndinakuuzani."

"Munandiuza, mayi."

Amayi ake analankhula zambiri m'Chitonga, mwaukali, akuloza ine ndi mpeni. Sindinamve zonse, koma zina sizifuna womasulira. Ndinadikira mpaka atatopa. Kenako ndinati ndabwera kudzamutenga, kuti mwamuna wake akufuna dzanja lake.

"Wanena yekha?" anafunsa mpongozi wanga.

Ndikanatha kunama, koma sindinaname. Ndinati sananene, wangokhala akuyang'ana kukhomo la wodi aliyense akamalowa. Anapitiriza kuchotsa mitsitsi pa chinangwa chimodzi chomwecho.

"Kuchipatala ndipita, chifukwa ndi bambo wa ana anga," anatero. "Koma kumudzi kwanu sindikalowa ngati wakuba wokhululukidwa. Ndinachoka anthu akuona, akudziwa chimene mwandichotsera. Nkhani inakulira pamjigo. Mukainene pamjigo pomwepo, inuyo, ine ndili pomwepo. Mukapanda kutero, akangotuluka m'chipatala ine ndibwerera kuno."

"Mayi, ine za adokotala zija sindinazigwire bwino. Ndikanena chiyani?"

"Mukanene zimene mukudziwa."

Tinanyamuka m'mawa mwake, ana tinawasiya kwa agogo awo. Atalowa mu wodi, mwana wanga anafuna kudzuka, iye n'kumukankhira pa pilo, n'kuyamba kufunsa anamwino za mapiritsi. Mlongo wanga anatola chipewa chawo n'kuti akukaona njinga. Sanabwererenso.

Mwana wanga atamutulutsa m'chipatala tinafika kumudzi madzulo. Mpongozi wanga sanamasule mtolo wa zovala zake, anangouika pakhomo m'kati. Ndinauona. M'mawa mwake anatenga ndowa, n'kuima pabwalo langa, osandiitana. Ndinavala mpango n'kumutsatira.

Pamjigo panali podzaza, ndowa zili pamzere. Atationa, phokoso linazima, kunatsala kulira kwa chitsulo chopopera. Mpongozi wanga anaika ndowa yake kumapeto kwa mzere n'kupinda manja. Ine ndinaima pakati, ine amene ndalangiza theka la akazi amenewo.

Ndinayamba bwino. Ndinati mwana wanga akudwala impso. Kenako ndinalowa m'nkhani ya amithenga, ndipo pomwepo ndinasochera. Ndinati wina amapita kumafupa, wina amafinya mitsempha, koma ndinawasinthanitsa, n'kubwereranso, n'kupezeka ndanena kuti mafupa ndi amene achita dzimbiri.

"Dzimbiri, agogo?" anatero mayi wina wa pakamwa, amene nyumba yake ili pafupi ndi mjigo. "Ndiye bwanji osangomumwetsa oyilo wa njinga?"

Anaseka onse. Wina anafunsa ngati dzimbirilo n'lopatsirana. Wina anati iye amuna ake amadulanso nzimbe, ndiye awaletse kapena atani. Wina anati zikukula bwanji pamene zikuchepa. Ndinati nanenso ndinafunsa chomwecho.

"Ndiye mukuti tsempho kulibe?" anafunsa mayi wa pakamwa uja. "Inu nomwe munatilangiza?"

"Sindinatero. Kaya liliko, kaya kulibe, ine sindikudziwanso. Za m'mimba mwa munthu zandikulira. Chimene ndabwerera pano ndi ichi. Mayi awa anasiya mchere chifukwa anauzidwa kuchipatala, ndipo mwamuna wawo anayamba kuphwa. Tinawachotsa. Ndinathira mchere ine, ndi dzanja lozizira limene nonsenu mumaliitana, mwana n'kutupa mpaka kufuna kufa. Ngati pali dzanja loti muliloze, ndi ili. Awa alibe mlandu ndi ine, alibe mlandu ndi mwana wanga. Ndipo mukamva kuti kwathu ndiwo zilibe mchere, zizikhala choncho mpaka mpaka, musawerengere munthu miyezi."

Palibe anawomba m'manja, palibe anapepesa. Wopopa anayambiranso kupopa. Mzere unayenda, ndowa imodzi imodzi, ife tili chiimire, wina aliyense akuyang'ana madzi ake. Ndinkaba maso kuyang'ana mpongozi wanga kuti ndione ngati zakwana, koma nkhope yake inali yotseka ngati chitseko.

Itafika ndowa yake anapopa yekha mpaka kudzaza. Anapinda nkhata, n'kuika pamutu, n'kugwada pang'ono. Ndinagwira ndowa mbali imodzi kuti ndimusenzetse, koma mikono yanga inakana, madzi n'kutayikira pamapazi. Mayi wa pakamwa uja anatula yake pansi, n'kubwera kudzagwira mbali inayo.

"Tiyeni, amake mwana, dzukani nayo," anatero. "Ana munawasiya kwanu?"

"Ndikawatenga Loweruka," anayankha mpongozi wanga.

Anatsogola, ine pambuyo. Tisanafike patali ndinamva wina akufuula kumjigo kuja.

"Koma agogo, zoona magazi amapangidwa m'mafupa?"

"Kafunseni ku boma!" ndinatero, osacheuka.